Msangu wa pa Ndime ya Amayi

Khwee, khwee, khwee. Limeneli ndi phokoso limene linkandidzutsa m'mawa m'zaka zimenezo. Anali patapata wa munthu akukhula pa tayala la njinga. Anthu a makala ankatsika kumapiri dzuwa lisanakwere, matumba atasanjikizana pakaliyala mpaka kupitirira mutu, ndipo popeza mabuleki a njinga zawo anali atatha kalekale, ankaponda tayala ndi phazi kuti njinga isawathawitse pamtsetse. Njira yawo inkadutsa kuseri kwa khola lathu la mbuzi n'kukatulukira pamsewu wa tala, kufupi ndi msika wa Golomoti, pomwe magalimoto opita m'tauni ankaima n'kugula.

Ndili wamng'ono njingazo zinali zowerengeka, eni akenso ankayenda mozemba poopa alonda a nkhalango. Matipate atabwera mantha aja anatha. Anthu ankati dziko tsopano ndi la aliyense, mitengonso chimodzimodzi. Pofika nthawi imene ndinasiya sukulu, njinga zinkatsika mondondozana, ndipo phiri limene kale linkaoneka lakuda bii tikakhala pakhonde linayamba kuonetsa miyala yake.

Ine ndinakulira m'manja mwa agogo, mayi awo a amayi anga. Amayi anamwalira ndisanayambe sukulu. Maliro atatha bambo anabwerera kwawo, monga amachitira mkamwini mkazi akafa, ndipo patapita zaka tinangomva kuti nawonso anatisiya. Agogo ankanditchula amuna awo, mwa chibwana chija cha agogo ndi mdzukulu. “Amunanga, mbuzi zija mwazitsekulira?” Kupatula pamenepo sanali munthu wa nkhani zambiri, inenso ndinatengera. Tinkatha tsiku lathunthu m'munda osalankhulana kanthu kupatula za khasu ndi madzi akumwa.

Munda wa agogo kale unali waukulu, koma anali ataugawa ndime ndime kwa ana awo aakazi, ndipo ndime zina zinali zitagawidwanso kwa zidzukulu. Awirife tinkalima ndime ya malemu amayi. Inali yaitali koma yopapatiza, ndipo pakati pake panali msangu waukulu, woti anthu awiri sakanatha kuukumbatira.

Msangu umachita zosiyana ndi mitengo inzake. M'chilimwe, ina yonse itayoyola, iwo umakhala wobiriwira. Mvula ikangoyamba umagwetsa masamba onse n'kuima ngati wouma. Masambawo amawolera m'mizere, dzuwa limadutsa m'nthambi zopanda kanthu, ndipo chimanga cha pansi pake chimakula chonenepa popanda feteleza. Ife feteleza sitinkamudziwa. Kumapeto kwa ndime chimanga chinkakhala chachikasu, chofika m'chiuno, koma pansi pa mtengowo chinkandipitirira. Chaka cha njala yaikulu ija, pamene anthu ankakumba zitsa za nthochi, ife tinafika mwezi wa zokolola tili moyo chifukwa cha chimanga cha pansi pa msanguwo. Sindinkauona ngati mtengo chabe. Ndinkadziwa kuti ndi umene ukutidyetsa.

Nkhani inayamba chaka chimene mlongo wanga anakwatiwa. Anali mwana wa mayi aang'ono, ndipo tinakulira pabwalo limodzi. Mwamuna wake anachokera kumtunda, kumidzi ya kuphiri. Anthu ena anafunsa chifukwa chimene sanamutengere mkaziyo kwawo, koma kwawoko kunalibe ngakhale poti n'kuimika nkhokwe. Malo anali atatha. Choncho anabwera kuchikamwini, ndipo ntchito yoyamba ya mkamwini ndi kumangira mkazi nyumba.

Kwathu nyumba ya zidina siikhalitsa. Dothi lathu limang'ambika m'chilimwe, m'dzinja madzi ochokera kuphiri amabwera mwaukali, ndipo zaka ziwiri zotsatizana tinali titaona nyumba zikukhala pansi ngati phala. Nsichi zomangira nyumba yachikale zinali zitasowa. Inatsala njira imodzi, njerwa zootcha. Mlamu wangayo anali wolimbikira. Anakumba dzenje, mlongo wanga ankatunga madzi ku mjigo, ndipo pofika mwezi wa Okutobala njerwa zinali zitauma, zitandandalikidwa kuseri kwa nyumba ya mayi aang'ono. Mlongo wanga anali ndi pakati. Chinatsala ndi nkhuni, ndipo uvuni sufuna tinthambi, umafuna zipika. Pamudzi ponse mitengo ikuluikulu inali itatsala kumanda kokha, kumene munthu sakhudza, ndi msangu wa pa ndime yathu.

Palibe amene anandiuza. Ndinangoona mayi aang'ono akubwera kawirikawiri kwa agogo, n'kumatsitsa mawu ndikamayandikira. Kenaka Lamlungu lina, titachoka ku tchalitchi, amalume anafika pa njinga kuchokera kwa akazi awo kufupi ndi Mtakataka. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, nkhani ngati imeneyi sikanatha popanda iwo. Anavala sikipa yobiriwira yojambulidwa mtengo pachifuwa, imene analandira ku semina, popeza kumudzi kwawoko anali m'komiti yoona za nkhalango.

Tinakhala pakhonde pa agogo. Amalume anali pampando, agogo ndi mayi aang'ono pamphasa, mlongo wanga kumbuyo kwa amayi ake. Mlamu wanga ananjuta patali, cham'mbali mwa nkhokwe, atatembenukira kwina chifukwa apongozi ake anali pomwepo.

“Nkhani ya mtengo ndaimva,” anayamba amalume. “Koma musaiwale kuti ine ndili m'komiti. Ku semina anatiphunzitsa chinthu amati chitukuko chokhazikika. Tanthauzo lake n'loti udye lero, koma usiyeko za ana amene akubwera.”

“Ana amene akubwera ndi uyu ali m'mimbayu, achimwene,” anayankha mayi aang'ono, akuloza mwana wawo ndi chibwano. “Akubwera m'dzinja lomweli. Kapena ku seminako anakuuzani za ana ena?”

“Vuto lake ndi lomwelo, chemwali. Tachuluka. Munda uwu tili ana tinkaulima osaumaliza. Lero ndime iliyonse munthu ukayetsemula umalavulira mwa mnzako. Pa wailesi akunena tsiku ndi tsiku kuti tizilera.”

Mayi aang'ono anaseka mpaka kuwomba m'manja. “Inuyo? Akazi awiri, ana oti akakwera minibasi kondakitala amatseka chitseko! Sikipayo akanakupatsani musanakwatire wachiwiri.”

“Ana anga amadya kwa amayi awo. Sadya pano.”

“Ndiye kwa amayi awoko minda imaswana?”

Amalume anapukuta thukuta. Kenaka anati ndi bwino akamwini akagule nkhuni kwa anthu a kuphiri.

“Ya kuphiriyo si mitengo?” anafunsa mayi aang'ono. “Kapena komiti yanu imawerenga yokhayo ili pafupi ndi msewu?”

“Imeneyo yadulidwa kale. Tikaisiya ipita m'tauni.”

“Eya, m'tauni. Mawaya a magetsi adutsa pamwamba pathu apa, kupita kwa anthu omwewo amene amaimitsa magalimoto n'kugula makala. Iwo ali ndi magetsi, ali ndi makala. Ife tili ndi semina.”

Anakangana choncho kwa nthawi yaitali. Amalume ananena za mvula imene yasintha, za mtsinje umene masiku amenewo unkauma msanga, za mbaula zosatha nkhuni zimene anaona ku semina. Zonsezo zinali zoona, ndipo mayi aang'ono sanazikane. Ankangobwerera pa funso limodzi, loti mwana wawo akabereka adzagona kuti. Ine ndinkayang'ana agogo. Ndinali wotsimikiza kuti akatsegula pakamwa nkhani itha, chifukwa iwo ankadziwa kuposa wina aliyense chimene chinkadzaza nkhokwe yathu.

Agogo analankhula osakweza mutu. “Wati tachuluka?” anatero kwa amalume. “Ndinabereka asanu ndi atatu. Pano pali iwe ndi mlongo wakoyu. Enawo ukudziwa kumene ali, unanyamula nawo mabokosi. Wachuluka ndani?”

Agogo anapitiriza.

“Ine pakhomo pano ndatopa ndi kulira kwa maliro. Ndikufuna kumva kulira kwa khanda, lili m'nyumba yosadontha. Mtengowo udulidwe.”

Ine pa misonkhano ya pabanja sindinkalankhula, ndipo palibe ankayembekezera kuti ndingalankhule. Koma mawu anangotuluka okha.

“Agogo, nanga chaka chamawa tidzadya chiyani?”

Onse anatembenuka. Mlongo wanga anandiyang'ana kamodzi n'kuweramitsa mutu. Nditaona kuti akundidikira, ndinapitiriza. Ndinati tisagwetse mtengo, tingousadza. Nthambi zake ndi zazikulu, zina ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Tikaphatikiza ndi zitsononkho za chimanga, ndi nkhuni zimene ine ndi alamu tingakatole kuphiri, uvuni upsa, ndipo thunthu lidzaphukanso.

Amalume anadzimenya pa bondo. “Mwamumva? Ameneyu wanena za ku semina asanapiteko! Nyumba imangidwa, mtengo utsala.” Anatembenukira kunkhokwe kuja. “Akamwini, inu ndiye mwaumba njerwazo. Nthambizo zikwana?”

Mlamu wanga sanadzutse maso. Anatola kamtengo pansi n'kukathyola. “Mmene mwaoneramo akuluakulu,” anatero.

Tonse tinamva ngati wavomera. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, “Ndime ndi ya amayi ake. Chitani zimene wanenazo.”

Ndinakwera ndekha mumtengomo. Msangu uli ndi minga yoyera imene imalowa m'thupi n'kuthyokera momwemo, ndipo pomaliza ntchitoyo manja anga anali ngati ndalimbana ndi mphaka. Nthambi zinkagwa ndi masamba ake obiriwira, mbuzi za mudzi wonse zinasonkhana kudzadya. Nditatsika ndinayang'ana m'mwamba. Mtengo unali utasanduka chinthu china, thunthu ndi ziputu zoloza kumwamba. Koma unali chiimire, ndipo mumtima ndinakondwa.

Kuphiri tinapitako kangapo ndi mlamu wanga, tikukankha njinga yobwereka. Ndinali ndisanakwereko kwa zaka zambiri. Tinayenda mpaka dzuwa kufika pamutu tisanapeze mtengo woti n'kuutcha mtengo. Paliponse panali zitsa ndi maenje akuda a mauvuni a makala. Tinkakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya timitengo tonga zala, ena ali ndi ana kumbuyo. Pamalo ena mlamu wanga anaima n'kuloza chigwa chopanda kanthu.

“Apa panali miombo yokhayokha,” anatero. “Ndinaotchapo makala inenso, chaka cha njala chija. Kwathu kunalibe ufa.”

Sananene modandaula kapena modzitama. Tinatola zimene tinapeza n'kubwerera.

Tinasanja uvuni, kuumata ndi matope, n'kuyatsa moto m'makomo ake. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kuphiri, choncho panalibe nthawi yodikira kuti nthambi ziume. Zinali zaziwisi. Zinkalira pamoto, kutuluka thovu kumapeto, utsi wake woyera ndi wolemera. Zitsononkho zinkangoti lawi, n'kutha. Tinasonkhezera mosinthana, koma tsiku lachiwiri nkhuni zinatha. Mlamu wanga anakwera pamakwerero n'kuponya udzu wouma pamwamba pa uvuni. Uvuni ukapsa bwino udzuwo umayaka wokha. Wathu unangofiirira. Anatsika n'kutseka makomo ndi matope.

Utazizira tinaugumula m'mawa, anthu onse a pakhomo ali pomwepo. Njerwa yakupsa ukaigogoda ndi inzake imalira ngwee, ngati chitsulo. Za pafupi ndi makomo zinalira choncho, zinali zofiira bwino. Titapitirira mizere ingapo zinayamba kutuluka zotuwa. Mlamu wanga anagogoda ziwiri, zinangoti phu, ina n'kuthyoka pakati. Kuyambira pamenepo mpaka pamwamba zonse zinali choncho. Mayi aang'ono anatenga imodzi, anaikanda ndi chikhadabo, n'kuiika pansi pang'onopang'ono ngati dzira. Sanandiyang'ane. Anakoka mwana wawo pa dzanja n'kulowa naye m'nyumba.

Titatsala awiri ndinamufunsa mlamu wanga.

“Alamu, munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

“Nanga bwanji simunanene tsiku lija amalume atakufunsani?”

“Ndinene pamaso pa apongozi? Amalume atavomera kale?” Anapukuta manja pa buluku. “Ine pakhomo pano ndine wa dzulodzuloli. Akanati mkamwini sanamange n'komwe nyumba, wayamba kale kuloza mitengo ya eni ake.”

“Mukanandiuza ine pambali.”

“Inu ndiye mwini ndime, alamu. Ndinaona mmene munalankhulira. Ndinati mwina Mulungu atithandiza, zipsa.”

Njerwa zakupsa zinakwana khoma lofika m'chiuno. Zotsalazo tinaziunjika n'kufunditsa udzu ndi mapepala apulasitiki, koma mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi mphepo, ndipo pofika Khirisimasi unali mulu wa matope. Mlongo wanga ndi mwamuna wake analowa m'khitchini ya mayi aang'ono. Inali kanyumba kakang'ono, kamwaye, kofolera ndi udzu wakale. Ankaphikamo momwemo, popeza panja panali mvula, ndipo nkhuni zake zinali mapesi onyowa ndi zitsononkho. Munthu ukalowamo maso ankalira misozi.

Mwana anabadwira ku chipatala cha ku Mua. Anali wamkazi. Agogo atamulandira m'manja anavina pang'ono pabwalo, mvula ikuwaza, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita. Koma mwanayo asanayambe n'kumwetulira komwe anayamba chifuwa. Poyamba kanali kakhosomo kakang'ono. Kenaka kupuma kunayamba kuthamanga, nthiti zikulowa mkati. Mlamu wanga anakweza mkazi wake ndi khandalo pa njinga, m'matope, kubwerera ku Mua. Anawagoneka masiku angapo. Anati ndi chibayo, ndipo powatulutsa anawauza kuti mwanayo asamakhale mu utsi kapena pachinyontho.

“Timuike kuti, m'nkhokwe?” anatero mayi aang'ono atamva.

Agogo anatulutsa mphasa yanga n'kuiika pakhonde. Mlongo wanga ndi khanda analowa m'chipinda changa, mlamu wanga anatsala yekha m'khitchini muja. Dzinja lonselo ndinagona pakhonde, nditatchinga ndi chiguduli. Sindinadandaule. M'mawa uliwonse ndinkamva kakhosomo kaja kuseri kwa khoma, ndipo ndinkadikira kuti ndimve ngati mwanayo alire pambuyo pake, chifukwa akalira ndiye kuti mpweya ulipo. Mlongo wanga sananene mawu oipa kwa ine ngakhale tsiku limodzi. Ankandipatsa moni, ankandiikira madzi osamba. Zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwana.

Mwanayo anachira mvula itatha. Chimanga cha pansi pa msangu chaka chimenecho sichinachite bwino ngati kale, chifukwa masamba amene akanagwera m'mizere anali atadyedwa ndi mbuzi, ena atapsa mu uvuni. Komabe chinaposa cha kumapeto kwa ndime. Ndipo mphepo yozizira itayamba, ndinaona timasamba tatsopano tikutuluka pa ziputu zija, tambirimbiri, ngati tsitsi la mwana. Mlamu wanga anali atayambanso kukumba dothi. Ulendo uno anayamba msanga.

Tsiku lina masana tinali kutonola chimanga pakhonde, ine ndi agogo. Ndinawauza kuti mtengo waphuka.

“Ndauona,” anatero.

“Zaka ziwiri kapena zitatu ubwerera mwakale.”

“Mwanayo agone kuti zaka zitatuzo?”

Ndinali nditaganiza kale mayankho anga, ndipo ndinawatula onse. Ndinati tikaugwetsa, nyumba imangidwa imodzi, koma njala idzakhala ya chaka chilichonse. Ndinati khandalo ndi lalikazi, lidzakula, lidzafuna ndime yake ndi nyumba yake. Mwamuna wake adzaotchera chiyani njerwa, ngati ife titsiriza mtengo womaliza? Ndipo ndime yopanda msangu idzamudyetsa chiyani?

Agogo anapitiriza kutonola. Zala zawo zinali zopindika, koma zinkandiposa liwiro.

“Sindikudziwa,” anatero.

Ndinkayembekezera kuti anditsutsa.

“Sindikudziwa, amunanga. Zimene ukunenazo n'zoona. Mtengowo ndinaupeza, sindinaubzale, ndipo wina sudzamera msinkhu umenewo ine kapena iwe tili moyo. Njalayo idzayamba ndi ine, ndilibe mano olimbira zitsa za nthochi.” Anataya chitsononkho mu dengu. “Koma iwe ukukamba za mwamuna wa mwanayu, munthu amene mwina sanabadwe n'komwe. Ine dzinja lonse ndamva chifuwa cha amene wabadwa. Ndaika ana okwanira. Uyu sindimuika chifukwa cha mtengo.”

“Atha kukhalabe m'chipinda changa. Ine pakhonde ndazolowera.”

“Mwamuna kwina, mkazi kwina? Banja limenelo litha, mkamwini abwerera kwawo ngati bambo ako. Ndipo iwenso sukhala pano mpaka kale. Udzakwatira, udzapita kwa eni ake. Ndimeyi idzatsala ndi mlongo wako ndi mwana wakeyo. Ukuwasungira mtengo anthu amene akukupempha nyumba.”

Ndinafunsa ngati nkhaniyo yatha kale.

“Chaka chatha ndinakumvera chifukwa ndime ndi ya amayi ako. Chaka chino ndikufuna unene wekha.”

Sindinanene. Masiku anapita, njerwa zatsopano zinkachuluka kuseri kwa nyumba ya mayi aang'ono, ine ndinkangodzuka, kutsekulira mbuzi, kupita kumunda kumene kunalibe ntchito, n'kubwerako. Aliyense ankadziwa kuti thunthu lalikulu chotero liyenera kugwa msanga kuti liwazidwe n'kuuma mwezi wootcha usanafike. Aliyense ankadziwanso kuti ndikudziwa.

Masiku ano ndimakhala kwa akazi anga, ndili ndi ana anga, ndipo pakhomo pathu timaphikira makala ogula pamsewu. Nthawi zina pa wailesi anthu ophunzira amatsutsana za nkhani yomweyi. Wina amati tachuluka, tichepetse kubereka. Wina amati vuto si kuchuluka, ndi a m'tauni amene amadya nkhalango za kumudzi. Wina amati magetsi akafika paliponse mitengo ipuma. Ndimamvetsera mpaka pulogalamu ithe, ndipo aliyense ndimamupezera pomwe akunena zoona, monga zinalili pakhonde paja. Chimene sindinamvepo ndi wina akutchula munthu amene adikire. Kusunga chinthu kuti chidzathandize a mawa kumafuna kuti wina wa lero agone m'khitchini ya utsi, ndipo kawirikawiri ameneyo sakhala pa msonkhano, kapena amakhalapo koma sangalankhule. Komanso ndikadutsa m'minda ya kwathu mwezi wa Febuluwale, n'kuona chimanga chachikasu chofika m'mawondo, sindinganene kuti ndinkalakwitsa.

Chaka chija, njerwa zatsopano zitachuluka, amalume anatumiza uthenga ndi munthu wa pa njinga. Anati Loweruka likubweralo adzakhala ku msonkhano wa komiti tsiku lonse, sadzapezeka, ndipo zimene zidzachitike pakhomo tsiku limenelo iwo sadzaziona. Mayi aang'ono atamva anangoti, “Sikipa ija yalankhula.”

Lowerukalo m'mawa kunali kozizira. Ndinamva nkhwangwa zikunoledwa pamwala kuseri kwa khitchini. Mlamu wanga anali ataitana abale ake awiri ochokera kumtunda. Agogo anali m'nyumba, chitseko chotseka. Palibe amene anabwera kudzandifunsa, ndipo ine ndinali ndisanavomere. Ndinavala malaya n'kukaima pa kanjira kopita kumunda, pamene kamapapatiza pakati pa khola ndi mpanda. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuchita. Mwina kukaima patsinde, mwina kungowauza kuti adikire sabata ina.

Amuna atatuwo anatulukira, nkhwangwa pamapewa. Atandiona anaima. Mlamu wanga anatsitsa nkhwangwa yake n'kuyang'ana pansi, monga anachitira tsiku la msonkhano lija. Ndikanati abwerere, akanabwerera.

Kumbuyo kwawo kunali mlongo wanga, chikwanje chosadzira nthambi m'dzanja, mwana kumbuyo. Anawadutsa amunawo n'kubwera mpaka pamene ndinaima. Anaika chikwanje pansi, anawerama, n'kumasula chitenje.

“Achimwene, sindikuti mukadule nawo,” anatero. “Kumeneko kuli minga, sindingapite naye. Amayi apita ku mjigo.”

Mwanayo anali atanenepa, atavala kachipewa ka ulusi. Anandiyang'ana ndi maso aakulu, akuyamwa chibakera.

“Akalira mum'patse phala, lili pa mafuwa. Tam'landirani. Ndinu amalume ake.”

Ndinatambasula manja. Anandiika mwanayo pachifuwa, anakonza kachipewa kaja, anatola chikwanje chake, n'kulambalala pambali panga kulowera kumunda. Amuna aja anam'tsatira.